Thobwa la Masiku Atatu

Ku Chulu kunalibe munthu wosadziwa thobwa la Modester. Opita kukathirira nazale za fodya ankadzera pakhomo pake m'mawa, matenanti a ku esiteti ankabwera Loweruka ndi mabotolo awo, ngakhale aphunzitsi, anthu osankha pakamwa, ankatumiza uthenga kuti awasungireko. Ankaliphika ndi ufa wa mgaiwa ndi chimera cha mawere chomeretsa yekha, ndipo likazizira ankalithira m'chigubu chake chabuluu cha malita makumi awiri, chimene chiyambire sichinalawepo china koma thobwa. Mwamuna wake Tobias ankati chigubucho chikanakhala munthu bwenzi atachitengera kwa ankhoswe, chifukwa chinkasamba madzi otentha kawirikawiri kuposa mwini nyumba.

Thobwa lomwelo ndi limene linamudulitsa Modester mumpingo.

Zinachitika zaka ziwiri zapitazo, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Modester anaphika Lachinayi, koma Lachisanu m'mawa kunabwera uthenga wa maliro a azakhali ake ku Chisemphere, ndipo anathamangira komweko chigubu chili chodzaza. Thobwa silidikira munthu. Likagona masiku atatu pa kutentha kotere limayamba kuwira lokha, kutsekemera kumathawa, ndipo chotsalacho chimakwera m'mutu. Lamulungu matenanti anayi anafika pakhomo napeza Tobias ali yekha. Iye ananunkhiza, anadziwa kuti lasasa, koma kutaya chigubu chonse kunamuwawa mtima. Anawathirira. Pofika masana anthu aja anali akuvina panjira ya kutchalitchi, ulaliki uli mkati, akuimba nyimbo yotamanda dzina la Modester.

Tobias anakanena kwa akulu a mpingo kuti wogulitsa anali iye. Anamumvera mwaulemu, koma analibe pomudula, chifukwa iye kutchalitchi ankaonekako pa Khirisimasi ndi pa ukwati basi. Bwalo linaitana wophikayo.

“Mayi, nkhaniyi ndi yaing'ono,” anatero a Lameki, mkulu wa mpingo wa dera lawo. “Ingonenani kuti ndinafulula mowa, ndalapa. Pakapita miyezi ingapo mubwerera pamalo panu.”

“Ine sindinafululepo mowa chibadwire,” anayankha Modester. “Ndinaphika thobwa. Analisandutsa mowa ndi dzuwa. Liitaneni dzuwalo lidzalape.”

Ena m'bwalomo anaseka, koma kuseka sikunamuthandize. Anamudula. Modester anachapa bulauzi yake yoyera ya amayi a chigwirizano, duku loyera ndi siketi yakuda, anazisita n'kuzipinda pansi pa sutikesi. Kutchalitchi sanasiye. Ankakhala pa benchi yakumbuyo atavala chitenje wamba, ndipo Mgonero ukamayamba ankatuluka mwakachetechete ndi ena odulidwa. Thobwa nalonso sanasiye, kungoti lotsala tsiku lachiwiri ankathira nkhumba. Anzake anamunyengerera kangapo kuti angonena mawu awiri aja zithe, iye n'kumati bodza lonenera m'nyumba ya Mulungu ndi loipa kuposa mowa umene.

A Lameki sanali munthu woipa, anali wouma chabe. Tsiku lina atakumana ndi Tobias pa chigafa akusankha fodya, anati, “Poti magetsi afika, mugulireni filiji mkazi wanuyo ngati a m'tauni. Thobwa lake likadzagona masiku atatu osasasa, ine ndidzalawa ndekha n'kukauza bwalo kuti vuto linali kutentha, osati mtima wake, ndipo vutolo latha. Palibe angatsutse.”

Tobias anabwera kunyumba akuthamanga ndi mawu amenewo, ndipo analonjeza filiji fodya akagulitsidwa. Fodya anagulitsidwa, feteleza n'kudya zonse. Chaka chomwecho mphepo inagwetsanso chigafa. Amene analimapo fodya amadziwa kuti chaka chabwino nthawi zonse ndi chamawa, ndipo Tobias ankanena mawu amenewo mosavuta, ngati moni.

Kenaka Modester anayamba kudwala. Poyamba ankati ndi msana, kenaka anayamba kuonda mpaka chitenje kumazungulira kawiri. Anapita naye ku chipatala cha paboma, a pabomapo anawatumiza ku Lilongwe, ndipo ku Lilongwe madokotala anaitanira pambali mwana wa Modester, Gladness, amene anakwatiwa ku Njombwa, m'malo molankhula ndi wodwalayo. Anabwerera kumudzi ndi botolo la mankhwala oletsa ululu, popanda tsiku loti adzapitenso. Gladness anakhala nawo masabata awiri, kenaka anabwerera kwake kukaona ana, n'kunena kuti zikasintha amuimbire.

Modester imfa sankaiopa kwenikweni. Chimene chinkamudya mtima chinali maliro achete. Munthu wodulidwa amapita kumanda popanda amayi ovala zoyera, popanda nyimbo zawo, achibale okha akukokera mapazi pafumbi. Iye amene anaimbira theka la mudzi uwo, amene mawu ake ankatsogolera nyimbo kuchokera pasiwa mpaka kumanda, ankaona ulendo wakewo ali maso, ndipo ankangoti kakasi kuyang'ana sutikesi.

Tsiku lina masana, Tobias akumupatsa madzi, anati, “Bambo a Gladness, filiji ija ya chaka chamawa. Chaka chamawacho chikandipeza kuti?”

Tobias anaika kapu pansi. Manyazi anamugwira. Tsiku lomwelo anapita kwa a Lameki kukafunsa ngati mawu aja akadali amoyo. A Lameki anati akadali amoyo, koma bwalo likhala Loweruka la sabata yamawa, ndipo likaphonyedwa limenelo lina lidzakhala pakatha miyezi itatu. Anagwirizana kuti thobwa lilowe m'filiji Lachiwiri, ndipo Lachisanu a Lameki adzabwera ndi mayi Sellah, mtsogoleri wa amayi a chigwirizano, kudzalawa. Onse awiri ankadziwa kuti miyezi itatuyo Modester sangaifike.

Chaka chimenechi fodya anali atayenda bwinoko, ndipo zimene Tobias anasungira feteleza zinali zikadalipo. Sanaganize kawiri.

Madzulo a Lamulungu, dzuwa lisanalowe, Modester anamuuza kuti abweretse chigubu pamphasa ndi chingwe chosokera fodya. Ndi zala zake zoonda anayeza kutalika kwa chigubu mpaka pachivindikiro n'kumanga mfundo, anayeza m'lifupi n'kumanga ina, anayeza kuchoka kumaso mpaka kumbuyo n'kumanga yachitatu.

“Musakayeze ndi maso,” anatero. “Maso anu ndimawadziwa. Ndi omwe aja anandigulira nsapato zoti ndizivala ndi nyuzipepala.”

“Zija zinali zakaunjika, mayi a Gladness, munalibe saizi ina.”

“Mukayeze ndi chingwe.”

Lolemba m'mamawa Tobias anakwera matola a paboma, chingwe chili m'thumba la malaya, dzanja likupitako pafupipafupi ngati muli ndalama. M'masitolo a zatsopano anangosuzumira n'kutuluka. Anthu anamulozera kuseri kwa msika kwa Esau, bambo wadazi amene ankakonza mafiliji akale n'kumagulitsa. Pakhonde pake panali mafiliji oimikidwa pamzere, ndipo pambali amuna atatu ankasewera bawo.

Esau anayamba kumuonetsa filiji yaikulu yogona, yotsegula pamwamba. Anati imeneyi imaumitsa nyama mpaka kusanduka mwala, ndipo munthu wamkulu atha kugonamo miyendo osapinda. Ankanena mongoseka, koma Tobias ataona bokosi loyera lalitali lija chivindikiro chili chotsegula, anatembenuka msangamsanga. Limenelo silikanalowa m'nyumba mwake, ngakhale akanampatsa ulele. Ina inali ya chitseko chagalasi, yonga ya m'magolosale, yaitali kuposa khomo la kwawo. Kumapeto kwa mzere kunali kakang'ono koyera, kofika m'chiuno, kokalika pang'ono pakona.

“Aka ndi kabwino, sikadya magetsi,” anatero Esau. “Mukufuna muziikamo chiyani, achimwene?”

Tobias asanayankhe, mmodzi wa a pabawo anakuwa: “Mukufunsiranji? Alimi a fodya agulitsa, akufuna mowa wozizira!” Anzake anaseka.

Liwu lakuti mowa linamubaya Tobias penipeni pa bala. Akanati ndi chigubu cha malita makumi awiri, anthu aja akanaseka kuposa pamenepo, n'kufunsa kuti masesewo akagulitsira kuti. Dzina la mkazi wake linali litatha kale m'kamwa mwa anthu, sanafune kulibweretsanso paboma. Anangoti, “Zakumwa basi.”

“Ndiye kakukwanirani. Mabotolo mumaika apa,” anatero Esau akugogoda kashelefu ka pulasitiki kamene kanali mkati mwa chitseko. Tobias sanakayang'ane n'komwe, mabotolo sanali nkhani yake. Anapempha kuti achotse mashelefu awaya a mkatimo, Esau anawasolola, ndipo iye anagwada n'kutulutsa chingwe. Anakankhira chitseko kutali kuti chisamusokoneze. Kutalika kunakwana, mpata n'kutsala. M'lifupi munakwana. Pansi chakumbuyo panali kasitepe kobisa injini, ndipo anayeza kuchokera pa kasitepeko mpaka kumaso. Mfundo yachitatu inagwera ndendende pamlomo pa filiji. Anayezanso kachiwiri, kachitatu, monga anamuuzira mwini chingwe, ndipo mtima wake unakhala pansi koyamba m'miyezi yambiri.

Esau anamulangiza kuti isagone panjira, ndipo ikafika ipume kaye maola angapo asanailumikize. Tobias anakhala kumbuyo kwa matola ataikumbatira msewu wonse wa fumbi, mabampu akumumenyetsa chibwano pachitsulo. Atafika, anthu oyandikana nawo anabwera kudzaona. Anaiimika pabalaza pafupi ndi soketi, kuseri kwa khoma la chipinda chimene Modester ankagona.

Panatsala thobwalo. Modester sakanatha kuimirira pamoto, ndipo sanafune dzanja la mkazi wina pa thobwa limeneli. Choncho madzulo omwewo anthu a ku Chulu anaona zimene anali asanaonepo: Tobias, mwamuna wa ndevu zaimvi, atamanga chitenje m'chiuno akutakasa phala ndi mthiko waukulu, mkazi wake atatsamira khoma pakhonde akulamula ngati kapitawo wa pa esiteti.

“Pansi, bambo a Gladness, pansi! Mukusisita pamwamba ngati mukuopa kulidzutsa. Likapserera mudzamwa nokha.”

Amayi odutsa ndi ndowa zawo anaima kuseka, wina n'kufunsa ngati a Tobias alowa chinamwali chaka chino. Modester anaseka mpaka kutsokomola. Phala litapola Tobias anabweretsa pang'ono m'mbale, Modester anaviikamo chala chaching'ono, anadikira kanthawi, n'kunena kuti tsopano thirani chimera. Lachiwiri m'mawa Tobias analiwiritsanso, analisiya lizizire, n'kumupatsa mkazi wake m'kapu. Modester analawa, analiyendetsa m'kamwa, n'kugwedeza mutu.

“Ndi langa limeneli,” anatero. “Mukanakhala mkazi mukanandilanda makasitomala.”

Masana, wodwala atabwerera kuchipinda, Tobias anadzaza chigubu, anatseka chivindikiro mwamphamvu n'kuchinyamulira pabalaza. Chinalowa bwinobwino, kumbuyo chinagunda kasitepe kaja, kumaso chinalekeza pamlomo penipeni monga chingwe chinanenera. Anakankha chitseko. Chitseko chinagunda china chake n'kubwerera. Anakankhanso. Kashelefu ka mabotolo kaja, kamene paboma kanali kutali ndi maso ake chitseko chili chotsegula, tsopano kanali kukankhana ndi mimba ya chigubu. Panatsala mpata wolowa zala ziwiri.

Anatembenuza chigubu, sizinathandize. Anayesa kuchikweza pa kasitepe, mutu unagunda kumwamba. Anagwira kashelefuko n'kukakokera kwa iye, koma kanali gwa, ngati kanaumbidwa limodzi ndi chitseko, ndipo anaopa kuthyola chinthu chimene wagula dzulo. Anaganiza zogawa thobwalo m'tizigubu ting'onoting'ono, koma m'nyumba ya mlimi wa fodya kachigubu kalikonse kanasungapo mankhwala opopera kapena parafini. Komanso lamulo la Modester ankalidziwa: thobwa likagona m'chigubu chake salisamutsasamutsa, ndipo chotengera cha eni ake chimabwera ndi zowiritsa za eni ake.

“Chalowa?” anafunsa Modester kuchipinda.

“Chalowa.”

“Chitseko chatsekeka?”

Tobias anayang'ana mpata uja. Anakumbukira mmene mkazi wake anasekera dzulo pakhonde, kuseka kumene anali atakuiwala.

“Chatsekeka,” anatero.

Kwathu kuno chinthu chikakana kutsekeka sitilimbana nacho, timachimanga. Geti la khola, katundu wa panjinga, boneti ya galimoto ya matola, zonse zimagwira ndi malegeni a chubu, ndipo Tobias ankawakhulupirira malegeni kuposa mmene ankakhulupirira anthu ambiri. Anazunguliza filiji katatu, anakoka mpaka mitsempha kutuluka m'manja, n'kutseka mpata wotsalawo ndi chiguduli cha saka. Atailumikiza, injini inayamba kulira. Patapita kanthawi anaika dzanja pa chiguduli namva kamphepo kozizira kakutuluka, ndipo anasangalala kuti ikugwira ntchito. Sizinamufikire m'mutu kuti kuzizira kumene akukumva kunja ndi kumene kukusowa mkati.

Magetsi a kuno, amene amabwera ndi kupita ngati mlendo wosakhazikika, sabata imeneyo sanazime ngakhale kamodzi. Filiji inalira usana ndi usiku osapuma. Modester anati kulirako kumamugonetsa bwino, kuli ngati munthu akung'ung'udza nyimbo kuseri kwa khoma. Lachitatu anapempha kuti atulutse bulauzi m'sutikesi aiyanike ichoke fungo. Lachinayi anadya phala theka la mbale. Pansi pa filiji pankadikha timadzi, Tobias n'kumapukuta msanga, malata akuthetheka ndi dzuwa pamwamba pake. Akapisa chala pampata n'kukhudza chigubu, chinkamveka chozizirirako, ngati madzi a mumtsuko. Chivindikiro sanayerekeze kuchitsegula. Ankadziuza kuti zala ziwiri si kanthu.

Lachisanu m'mawa Modester anasamba, anavala duku latsopano, n'kunena kuti alendo sawalandirira kuchipinda ngati munthu wakufa kale. Tobias anayesa kukana, koma analibe chifukwa choti anganene. Anamunyamula, wopepuka ngati mtolo wa fodya wouma, n'kumukhazika pamphasa pabalaza. Modester anaiona filiji yake koyamba ikugwira ntchito. Anaona malegeni, anaona chiguduli cha saka, anaona timadzi pansi. Kenaka anayang'ana mwamuna wake. Asananene kanthu, panja panamveka odi.

A Lameki analowa atavala jekete ngakhale kunali kotentha, mayi Sellah pambuyo pawo. Anapatsana moni, anafunsa za thupi, a Lameki anapemphera mwachidule. Tobias anamasula malegeni, anatulutsa chigubu n'kuchiimika pakati. Mbali zake zinali zitafufuma. Atangopotokola chivindikiro, chinalira tsiii, thovu linatuluka n'kutsikira pansi, ndipo fungo linadzaza m'nyumba. Fungo limenelo palibe wa ku Chulu amene angalisokoneze ndi lina.

Anathirabe m'makapu, chifukwa sanadziwe china choti achite. Mayi Sellah ananunkhiza n'kuika kapu pansi, maso ali pamphasa. A Lameki, amene anali asanalawe chotere zaka makumi atatu, anamwa pang'ono, anasunga m'kamwa nthawi yaitali ngati akufunafuna kutsekemera kumene kwabisala, n'kumeza movutikira. Ankafunitsitsa litakhala thobwa, zinkaoneka pankhope pawo. Koma munthu amene anadula mnzake chifukwa cha choonadi sakanatha kukanama kubwalo mawa lake.

“Mwina tingayesenso,” anatero motsitsa. “Bwalo linalo.”

Tobias anagwada.

“Akuluakulu, wolakwa ndine. Thobwali ndaphika ndine, ndipo chitseko chija sichina...”

“Bambo a Gladness, khalani chete,” anatero Modester. “Ndipatseni kapu.”

Anampatsa. Analawa monga ankalawira nthawi zonse, kuliyendetsa m'kamwa, n'kubweza kapu.

“A Lameki, uwu ndi mowa. Chimera ndi changa, chigubu ndi changa, nyumba ndi yanga. Kalembeni kuti Modester wanena kuti ndinafulula mowa, ndalapa.”

“Mayi,” anatero a Lameki, “musanene chifukwa cha...”

“Si mawu amene munkafuna aja? Ndawanena, pamaso pa mboni ziwiri. Kapena asintha?”

A Lameki anayang'ana chipewa chawo chimene chinali pabondo. Anati sanasinthe. Mayi Sellah anayamba kulira mosatulutsa mawu, anagwira dzanja la Modester n'kulisisita, ndipo posakhalitsa alendo anatsanzika.

Tobias anatsala chogwada pomwepo, thovu likuuma pa simenti. Zaka ziwiri mkazi uyu anakhala pa benchi yakumbuyo, anatuluka pa Mgonero anthu akumuyang'ana, anakana anzake onse, kuti asanene mawu awiri amenewo. Lero anawanena ngati akugula mchere. Tobias anafuna kuti amukalipire, amutukwane, amuponyere kapu. Modester anangoyang'ana filiji.

“Panatsala mpata wotani?” anafunsa.

“Zala ziwiri.”

“Mfundo zanga zinalakwika?”

“Ayi. Mfundo zinali bwino. Ndinayeza chitseko chili chotsegula.”

“Chabwino. Ndimafuna ndidziwe zimenezo.” Kenaka anaika dzanja lake pamutu pa mwamunayo, pa imvi, n'kulisiya pomwepo pang'ono. “Mukanandiuza Lachiwiri, bambo a Gladness. Kathireni nkhumba. Ndipo muzimitse chinthucho, chandisokosa.”

Loweruka bwalo linamubwezera. Lamulungu analengeza m'tchalitchi kuti mayi Modester avomera kulakwa kwawo ndipo alandiridwanso, anthu n'kuyankha amen. Abusa anabwera kudzampatsa Mgonero kunyumba, atavala bulauzi yake yoyera imene tsopano inkalendewera m'mapewa. Gladness anafika tsiku lomwelo. Modester anakhalanso masiku asanu ndi anayi, osadandaula, osatchulanso za thobwa, ndipo anamwalira Lachiwiri m'mawa anthu akupita kukathirira nazale.

Maliro ake anali aakulu. Amayi a chigwirizano anabwera a ku Chulu konse, ena ochokera ku Chisemphere pa lole, oyera mbuu kuyambira pakhomo mpaka kumsewu. Anayala yunifolomu yake pabokosi, anaimba kuchokera pasiwa mpaka kumanda osadukiza, nyimbo zomwe zija iye ankatsogolera. Zonse zimene ankafuna anazipeza. Mlaliki anayamikira kudzichepetsa kwake, nati mayi uyu anauma mtima zaka ziwiri koma pomaliza anavomera tchimo lake, ndipo ena atengerepo phunziro.

Kumbuyo kwa Tobias amayi awiri ankanong'onezana.

“Ndiye unalidi mowa eti?”

“Ife tinkadziwa kale. Thobwa lanji lokoma chotero?”

Tobias anafuna kuimirira, auze khamu lonselo za matenanti anayi, za chingwe, za malegeni. Koma mwamuna woferedwa sapatsidwa mpata wolankhula pamaliro a mkazi wake. Amakhala pansi pakati pa amuna anzake, mutu uli woweramitsa, ena n'kumamulankhulira. Anakhala choncho, misozi ikugwera pafumbi pakati pa mapazi ake, ndipo anthu anati a Tobias ankamukonda mkazi wawo.

Patapita masiku atatu, achibale atasesa n'kubalalika, Gladness anayamba kukonza m'nyumba. Filiji inali chizimire kuyambira Lachisanu lija, ndipo mkati munali mutayamba nkhungu. Tobias anali pampando pabalazapo akuyang'ana khoma. Gladness anabwera ndi beseni ndi sopo, anatsegula chitseko, anaika dzanja limodzi pansi pa kashelefu ka mabotolo n'kukamenya pang'ono chokweza m'mwamba. Kanatuluka kuti khwa.

“Wathyola?” anafunsa Tobias.

“Ayi adada, timeneti timachoka. Mumangokankhira m'mwamba. Kumene ndinkagwira ntchito ku Lilongwe tinkatichotsa sabata iliyonse potsuka.” Anakaponya m'beseni n'kutuluka nako panja.

Tobias anadzuka, anapita kuseri kwa chitseko cha kukhitchini kumene chigubu chabuluu chinali, chotsukidwa, chopanda kanthu. Anachinyamula, anagwada, n'kuchilowetsa mpaka chinagunda kasitepe. Anakankha chitseko cha filiji ndi chala chimodzi. Chinayenda chokha mpaka kumapeto, mphira wake n'kugwira mwakachetechete, osasiya mpata ngakhale wolowa tsamba la fodya.

Anatsegula n'kutsekanso. Anatsegula n'kutsekanso.

Gladness pobwera ndi kashelefu kodontha madzi anapeza bambo ake atakhala pansi pa simenti, dzanja lili pa chitseko cha filiji, nkhope atalozetsa kuchipinda kumene mphasa inali itapindidwa kale.

“Chalowa, mayi a Gladness,” ankatero. “Chatsekeka.”